TPM si kazitape, lekani kutsegulira mbava makompyuta anu

Pali mphekesera yomwe yawanda pakati pa osewera magemu a pa intaneti. Akuti TPM 2.0 ndi Secure Boot, zomwe magemu ngati Battlefield 6, Call of Duty: Black Ops 7 ndi Valorant ya pa Windows 11 amafuna kuti zikhale zoyatsa, ndi akazitape oba zithunzi, mapasiwedi ndi za kubanki. Mankhwala ake akuti n'kuzizimitsa, kenako n'kuika spoofer, pulogalamu yonamiza gemu. Limeneli ndi bodza, ndipo zikutidetsa nkhawa kuti ngakhale anthu odziwa kompyuta akungolimeza osatafuna.

TPM ndi kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi ndi kulemba mapulogalamu omwe ayamba kompyuta ikamayaka. Sikatsegula mafayilo anu ndipo pakokha sikatumiza kanthu pa intaneti. M'makompyuta ambiri kali kale m'kati mwa purosesa ya Intel kapena AMD, ndipo Microsoft inalamula mu 2021 kuti kompyuta ya Windows 11 ikhale nako. Secure Boot nayo imangokaniza mapulogalamu osasainidwa kulowerera pa nthawi yoyaka. Makampani a magemu amazifuna chifukwa obera pa masewero anayamba kubisa zida zawo pansi pa Windows penipeni, pomwe pulogalamu wamba yolonda obera singazione.

Apa ndi pomwe mphekeserayi ikugwera chagada. Gemu iliyonse yomwe mwaika pa kompyuta imatha kale kufika pomwe pali zithunzi ndi zikalata zanu, monganso pulogalamu ina iliyonse yomwe mwaitsegula nokha. Kampani yofuna kukuberani singavutike ndi TPM. Ndiye mukaizimitsa pamodzi ndi Secure Boot, mwatchinga chiyani? Palibe. Mwangochotsa chitetezo chomwe chimaletsa ma virus ena kudzuka Windows isanadzuke.

Nanga spoofer ija? Wogulitsa wake, munthu wopanda dzina pa Discord, amakuuzani kuti muzimitse antivirus ndi kumupatsa mphamvu zonse pa kompyuta. Mukuthawa kampani yodziwika, yokhala ndi maofesi, n'kukadzipereka kwa munthu yemwe simudzamupeza akakukolopolani ndalama. Kampani ikalakwa imagwidwa. Mu 2013 pulogalamu ya kampani ya magemu ya ESEA inapezeka ikukumba Bitcoin mobisa pa makompyuta a osewera, ndipo boma la New Jersey linaikokera pa mlandu womwe unathera pa mgwirizano wa madola 1 miliyoni. Wa pa Discord uja mudzakamusumira kuti?

Zoti mwini wa Riot Games, kampani yomwe inapanga Valorant, ndi Tencent ya ku China n'zoona, koma umwini si umboni wa kuba.

Sitikunena kuti palibe chodandaulitsa. Vanguard, pulogalamu yolonda obera yomwe Riot inatulutsa ndi Valorant mu 2020 n'kuifikitsa ku League of Legends mu 2024, imagwira ntchito mu kernel, mtima wa Windows, ndipo inapangidwa kuti iziyamba kompyuta ikangoyaka. Mphamvu yotere ikakhala ndi chilema, achifwamba amapezerapo mwayi. Mu 2022 a Trend Micro anaulula kuti zigawenga za ransomware zinagwiritsa ntchito driver yolonda Genshin Impact pozimitsa ma antivirus. Komanso TPM iliyonse ili ndi chizindikiro chakechake, choncho kampani ingathe kuzindikira kompyuta yanu ngakhale mutasintha akaunti. Osewera ali ndi ufulu wofunsa kuti zotoledwazo n'ziti, zikusungidwa kuti, ndipo mpaka liti. Mafunso amenewa ndi omwe akuzimiririka m'phokoso la nkhani za akazitape, ndipo izi zimatipweteka mtima, pakuti makampani savutika kuyankha bodza.

Awerengi athu, makamaka makolo omwe ana awo amasewerera pa kompyuta ya banja lonse, Secure Boot isiyeni yoyatsa ndipo spoofer musaiyandikire. Ngati kampani ya gemu simukuikhulupirira, chotsani gemuyo pamodzi ndi pulogalamu yake yolonda.