Kufuula Si Kumveka Bwino

Mwezi uno tifuna kukambirana za masipika, amene tsopano aloŵa m'nyumba zambiri. Kaŵirikaŵiri nkhani imayamba ndi mwana wamkulu, amene amati wailesi ya m'nyumba yakalamba, tsono tigule masipika aakulu onga a anansi athu. Bambo aŵerengera ndalama, mayi akumbutsa za fizi ndi feteleza, ndipo mapeto ake ndiwo kukwiyirana kapena kugula mothamanga. Ife sititsutsa kugula ayi, pakuti nyimbo yomveka bwino ikondweretsa banja lonse, ndipo agogo amene makutu ayamba kuwavuta ayenera kumva nkhani za pa wailesi mosavutika. Koma sipika yofuula kwambiri sindiyo yomveka bwino, ndipo munthu wosadziŵa kusiyanitsa ziŵirizi amataya ndalama zake, mwinanso makutu ake omwe.

Tiyambe ndi kudziŵa chimene tikugula. Masipika ambiri a lero atsata mpangidwe umene Chester Rice ndi Edward Kellogg, a kampani ya General Electric ku America, anaulongosola m'chaka cha 1925. M'kati muli maginito, koyilo ya waya wopyapyala, ndi pepala lolimba looneka ngati faneli. Magetsi ochokera ku ampulifaya akadutsa m'koyilomo, koyilo imakankhidwa ndi kukokedwa ndi maginito, pepala lija limanjenjemera, ndipo mpweya umatengera kunjenjemerako ku khutu. Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera kuyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi. Sipika imodzi siingathe bwino ntchito yonseyi, nchifukwa chake m'bokosi mumakhala yaikulu yotchedwa woofer, ya mawu a besi, ndi yaing'ono yotchedwa tweeter, ya mawu okwera. Ntchito ya zonsezi ndiyo kubweza mawu monga anayimbidwira, osawonjezapo, osachotsapo.

Tsono vuto nlakuti khutu limanyengeka. M'chaka cha 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, a ku Bell Laboratories, anaonetsa kuti mawu akakhala apansipansi, khutu silimva bwino besi, koma voliyumu ikakwera besi imamveka yodzaza. Motero tikayerekeza masipika aŵiri m'sitolo, ina nikhala yofuula pang'ono pokha kuposa inzake, tidzaiyesa yabwino koposa, ngakhale itakhala yachabe. Ambiri amalipira ndalama zochuluka chifukwa cha kusiyana kumene akadakupeza kwaulere pongopotoza kabatani ka voliyumu.

Masonso amanyenga khutu. Katswiri wina wa ku Canada, Floyd Toole, anatha zaka zambiri akuyesa masipika atawabisa kuseri kwa nsalu imene mawu amadutsa. M'chaka cha 1994, iye ndi mnzake Sean Olive anaonetsa kuti anthu omwewo amaweruza mosiyana akamaona masipika ndi pamene sakuwaona: poona, aakulu ndi odula ndiwo amapatsidwa ulemu wopambana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lonyezimira, lokhala ndi timagetsi tothwanima, silitiuza kanthu za mawu ake. Ngakhale msinkhu si umboni. M'zaka za m'ma 1970 a BBC anapanga kasipika kotchedwa LS3/5A, kotalika ngati rula ya pasukulu ya masentimita 30, ndipo kanatchuka m'maiko ambiri chifukwa cha kubweza liwu la munthu mokhulupirika.

Nanga manambala olembedwa pa katoni? Apa mpamene achinyamata ambiri amakodwa. Mukaona mawati zikwizikwi atatsatana ndi zilembo za PMPO, dziŵani kuti nambalayo njokopera ogula, ndipo ilibe muyeso umodzi wogwirizana. Yodalirikako ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yopitirira, osati ya kamphindi. Komabe mawati sachulukitsa phokoso monga tiganizira. Kukula kwa mawu kumayesedwa ndi madesibelo. Kuŵirikiza mawati kaŵiri kumangowonjeza madesibelo 3, kusiyana kwapang'ono ndithu, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akula kaŵiri pafunika madesibelo 10, ndiko kuti mphamvu yoŵirikiza kakhumi. Wochoka pa mawati 50 kunka pa 100 wapindula pang'ono. Akadafuna kuŵirikiza phokoso akadafunika 500. Onaninso nambala ya ma ohm, imene nthaŵi zambiri imakhala 4, 6 kapena 8, kuti igwirizane ndi ampulifaya yanu. Masipika aŵiri a ma ohm 8 akamangidwa onse pa potulukira pamodzi amasanduka a ma ohm 4, ndipo ampulifaya yosakonzedwera zimenezi imatentha, mwina nkupsa.

Tingayerekeze bwanji tsono mwachilungamo? Tikupatsani malangizo asanu.

Choyamba, tengani nyimbo zanu zimene muzidziŵa bwino, ndipo masipika onse aŵiri amvedwe ndi nyimbo yomweyo, pa ampulifaya yomweyo, mabatani a besi ali pakati.

Chachiŵiri, linganizani kukula kwa mawu musanaweruze. Mafoni ambiri a masiku ano angathe kuikidwa pulogalamu yoyesa madesibelo, ndipo njokwanira pa ntchito imeneyi. Langizo ili ndilo lalikulu pa onse.

Chachitatu, yambani ndi liwu la munthu wolankhula, pakuti ndilo limene khutu lilidziŵa kuyambira ukhanda. Woŵerenga nkhani akamveka ngati ali m'mgolo, kapena ngati watsina mphuno, sipikayo njonama. Kenaka ikani nyimbo ya kwaya, nimuone ngati mungalekanitse sopulano, alito, tena ndi besi.

Chachinayi, tsinzinani, ndipo wina asinthe masipika mofulumira osakuuzani imene ikuyimba, chifukwa khutu silichedwa kuiŵala mamvekedwe.

Chachisanu, tsitsani voliyumu kufikira pamene mumamvera madzulo kunyumba. Sipika yabwino imamvekabe bwino ikamayimba pansipansi, ndipo siitopetsa mutu ngakhale mutamvera nthaŵi yaitali.

Komatu musanatulutse ndalama, yambani mwayesa kukonza zimene muli nazo kale. Onani mawaya kuseri: wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziŵiri. Sipika imodzi ikalumikizidwa mosemphana, pepala lake limakoka pamene la inzake likukankha, ndipo besi imazimirira. Sipika yoikidwa pakona imachulutsa besi kufikira mawu asokonezeka. Isunthireni kutsogolo pang'ono. Kwezani masipika kuti tweeter ilingane ndi makutu a munthu wokhala pampando, ndipo mtunda wa pakati pa masipika aŵiriwo ulingane ndi mtunda wochokera pa iliyonse kufika pa womvera. Nyumba zathu za simenti ndi malata opanda siling'i zimabweza mawu kwambiri. Mphasa kapena kapeti pansi, makatani pa mazenera, ndi shelefu ya mabuku zimachepetsa vutoli. Wochita zimenezi angapeze kuti chofunika kusintha sichinali sipika, koma malo ake.

Chotsiriza ndicho chachikulu koposa ndalama. M'kati mwa khutu muli timaselo tating'onoting'ono tokhala ndi ticheya, timene timalandira mawu, ndipo tikafa ndi phokoso sitimeranso. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza m'chaka cha 2015 kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa ngozi ya kuwonongeka makutu chifukwa cha kumvera mosasamala. Muyeso wake ngwakuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa mlungu akumvera pa madesibelo 80, ndipo kwa ana muyeso ndi madesibelo 75. Mukawonjeza madesibelo 3, nthaŵiyo idulidwe pakati. Ngati mufunika kukuwa kuti munthu amene muli naye pafupi akumveni, kapena ngati makutu alira nyimbo itatha, mwapyola malire. Mwana amene samva bwino amavutika m'kalasi, ndipo nthaŵi zina amayesedwa wamwano kapena wogona pamene vuto lili m'khutu. Kumbukiraninso anansi: kuseri kwa khoma kungakhale wodwala, khanda, kapena wophunzira wokonzekera mayeso.

Inu achinyamata, luso lanu pa zipangizo izi nlabwino, ndipo makolo achita bwino kukufunsani nzeru. Koma onetsani lusolo posankha ndi khutu lodekha, osati popikisana ndi anzanu. Inu makolo, pitani nawo ana kukagula, muyesere pamodzi monga talongosolamu, ndipo mugwirizane malire a mtengo musanachoke pakhomo. Paja ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wa maŵa.