Chenjezo kwa a ku Moatize ndi Zóbuè: Musabetche pa Dzina la Katswiri wa Tenisi

Abale anga a ku Moatize, a ku Zóbuè ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa N7, ikani kaye foni pansi mumve izi. Ndalama zanu zikuthera pa masewera amene ambiri mwa inu simunawaonerepo ndi maso.

Ndikunena tenisi. Maligi a mpira wamiyendo a ku England, Spain ndi Portugal akatseka mu Meyi, foni sikulekani. Imakuikirani tenisi pamaso, masewero ambirimbiri kuyambira m'mawa mpaka pakati pa usiku. Mumaona dzina lalikulu, pambali pake palembedwa 1.10 kapena 1.15, inu n'kunena kuti, "Uyu ndiye sangaluze." Ndalama n'kuchoka pa M-Pesa kapena e-Mola nthawi yomweyo.

Imani pomwepo. Kodi mwafunsa kuti akusewera pabwalo lanji?

Tenisi saseweredwa pabwalo la mtundu umodzi. Ku Roland Garros, mumzinda wa Paris, amasewera kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni pa dothi lofiira la njerwa zoperapera. Pamenepo mpira umachedwa, umadumpha m'mwamba, osewera amabwezerana nthawi yaitali, ndipo amapambana ndi wopirira. Masiku ano pakangopita masabata atatu amapita ku Wimbledon, mumzinda wa London, pa kapinga. Pa kapinga mpira umaterereka, umabwera mwaliwiro ndiponso motsika, moti munthu wa dzanja lamphamvu poyambitsa mpira akhoza kugwetsa aliyense tsiku limene zamuyendera. Ku Melbourne mu Januwale ndi ku New York chakumapeto kwa Ogasiti amasewera pabwalo louma, lolimba ngati simenti.

Inu a njinga zamoto mukudziwa kuti wothamanga bwino pa tala wa N7 si amene amafika msanga pa msewu wamatope nthawi ya dzinja. Zilinso choncho ndi mabwalo amenewa. Choopsa n'chakuti nyengo imene osewera amachoka pa dothi kupita pa kapinga ndi yomweyo imene inu mumasowa mpira wamiyendo wobetcherapo.

Taonani zimene zinachitikira Rafael Nadal wa ku Spain. Pa dothi la ku Paris anatenga chikho ka 14, chinthu chimene palibe wina anachitapo. Mu Juni 2013 anatenga chikhocho, ndipo patangotha masabata awiri anagonja m'ndime yoyamba ku Wimbledon kwa Steve Darcis wa ku Belgium, amene anali pa nambala 135 padziko lonse. Musaganize kuti inali ngozi ya tsiku limodzi. Ku Wimbledon komweko, mu 2012 anagonja kwa Lukáš Rosol, wa pa nambala 100. Mu 2014, ali nambala wani padziko lonse, anachotsedwa ndi Nick Kyrgios, mnyamata wa zaka 19 wa pa nambala 144. Mu 2015 anamuchotsa ndi Dustin Brown. Zaka zinayi zotsatizana, aliyense amene anaika ndalama pa dzina la Nadal m'masewero amenewo anataya zonse.

Si Nadal yekha. Pete Sampras wa ku America anatenga Wimbledon ka 7 koma chikho cha ku Paris sanachigwireko mpaka anapuma. Coco Gauff anapambana ku Paris mu Juni 2025, kenako anatuluka m'ndime yoyamba ku Wimbledon atagonja kwa Dayana Yastremska.

Tsono wina anena kuti, "Basi, ndaphunzira. Ndiziyang'ana kaye bwalo ndisanabetche." Ayi, m'bale wanga, si zimene ndikukuuzani.

Kampani yobetchetsa inalidziwa kale bwalolo inu musanadzuke. Ili ndi makompyuta amene amasunga zotsatira za wosewera aliyense pa dothi, pa kapinga ndi pabwalo lolimba, ndipo nambala imene mukuiona pa foni inawerengeredwa kale ndi zonsezo. Komanso kudziwa bwalo sikutsimikizira kanthu. Daniil Medvedev anatenga chikho pa dothi ku Rome mu Meyi 2023, koma patangopita masiku ochepa anagonja m'ndime yoyamba pa dothi lomwelo ku Paris kwa Thiago Seyboth Wild wa ku Brazil, wa pa nambala 172. Iga Świątek wa ku Poland, amene ambiri ankati kapinga samuyanja, anatenga Wimbledon mu 2025 atapambana ndime yomaliza 6-0, 6-0.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri akubisidwa zoona. Mukaika mameticais 1,000 pa 1.10, mukapambana phindu lanu ndi 100 yokha. Mukaluza, 1,000 yonse yapita. Ndiye kuti muyenera kupambana ka 10 kuti mungobweza zimene mwataya kamodzi. Dzifunseni nokha ngati mungapambane ka 10 motsatizana pa kapinga amene anagwetsa Nadal.

Ndipo kampani sidikira kuti katswiri agwe kuti idye. Tinene kuti osewera awiri ndi ofanana mphamvu, aliyense wapatsidwa 1.85. Inu mwaika 1,000 mbali iyi, mnzanu waika 1,000 mbali inayo. Kampani yalandira 2,000, ilipira wopambana 1,850, yatsala ndi 150. Apambane uyu kaya uyo, gawo lake latuluka kale.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi tikiti yophatikiza. Mumawaona anyamata atatsamira pa kauntala ya wogulitsa mayunitsi, mitu itagundana pa foni imodzi yosweka galasi, chala chikutsetsereka pa mayina amene sangathe n'kuwatchula. Poona kuti 1.10 ndi yochepa, amalumikiza akatswiri asanu, asanu ndi atatu, kuti phindu likwere. Ngakhale aliyense wa akatswiriwo atakhala ndi mwayi wopambana ka 9 pa maulendo 10, mukalumikiza asanu mwayi wa tikiti yonse umatsika kufika pa 59 pa 100. Mukalumikiza asanu ndi atatu umafika pa 43 pa 100. Mmodzi yekha akaterereka, kapena akavulala n'kusiya masewero pakati, mudzayamba kuwerenga malamulo a kampani amene simunawawerenge poika ndalama.

Chenjeraninso ndi aja akugulitsa "zotsimikizika" pa WhatsApp ndi pa Telegram. Munthu wodziwadi zotsatira za mawa sangakupempheni mameticais 200. Ena amakuuzani kuti masewerowo anakonzedwa kale. N'zoona kuti chinyengo chotere chilipo m'mipikisano ing'onoing'ono, n'chifukwa chake pali bungwe la International Tennis Integrity Agency limene limaletsa osewera ogwidwa, ndipo mu 2023 khoti la ku Belgium linalamula Grigor Sargsyan kukhala m'ndende zaka zisanu chifukwa chogula osewera. Koma amene amagula masewero sagawira anthu a ku Zóbuè chinsinsi chawo. Amene wakutumizirani uthengayo akufuna ndalama zanu zokha.

Inu ogwira ntchito ku migodi ya malasha, malipiro akalowa yambani mwapereka ya lendi, ya chakudya ndi ya sukulu foni isanakuitaneni. Inu alimi a mbatatesi ndi kabichi a ku Zóbuè, ndalama ya feteleza isayandikire pa tikiti. Inu osintha makwacha ndi mameticais pa chipata, mpamba si wobetchera.

Mukaluza, musathamangire kubweza tsiku lomwelo. Musapite kwa wakatapila. Musapinyolitse njinga yamoto imene ikudyetsa banja.

Makolo, yang'anani mafoni a ana anu. Makampani omwewo amalemba kuti wosakwana zaka 18 saloledwa, koma mwana amatha kulembetsa ndi nambala ya amayi ake. Musapatse mwana nambala yanu yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola. Ngati mukukayikira kuti kampani ilibe chilolezo, ofesi yoyang'anira za juga m'dziko muno ndi Inspecção Geral de Jogos, ndipo kumeneko ndi kokadandaula.

Ngati mwayamba kubisira akunyumba kuchuluka kwa zimene mwataya, auzeni lero lomwe, asanamve kwa okongoza. Chotsani pulogalamu yobetcherayo mu foni iwo akuona, ndipo mwezi uno ndalama za pakhomo asunge ndi iwo.