Getsi la AdBlue likayaka, musathamangire thumba la Yuleya

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, galimoto iliyonse yoyenda m'boma la Kasungu imapeza ntchito. Malole amakoka mabelo, pomwe mavani amathamanga ndi ziguduli, anthu ndi katundu wa m'magolosale kupita ku Chamama, Santhe, Chatoloma mpaka ku Nkhamenya. Nyengo imeneyi, galimoto ikagona pa galaja sabata imodzi ndiye kuti mwini wake wataya ndalama imene amayembekezera chaka chonse. N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za kagetsi kamodzi ka pa dashibodi kamene kakuimitsa mavani amene injini zake n'zabwinobwino.

Mavani ambiri a dizilo amene akulowa m'dziko muno tsopano ndi a m'badwo wina. Kuyambira mu 2016, mavani atsopano ogulitsidwa ku Ulaya anayenera kutsatira malamulo ochepetsa utsi woipa otchedwa Euro 6, ndipo pofuna kuwakwaniritsa, Ford Transit, Mercedes-Benz Sprinter ndi Volkswagen Crafter zimabwera ndi kathanki kachiwiri ka chivindikiro chabuluu. Nayo Toyota HiAce ya dizilo yochokera ku Japan ili nako kuyambira kumapeto kwa 2017. M'kathankimo mumathiridwa AdBlue, madzi oyera mbee amene magawo 32.5 pa 100 alionse ndi yuleya woyengedwa bwino, ndipo otsalawo ndi madzi ochotsedwa mchere wonse. AdBlue salowa mu injini. Amapoperedwa pang'onopang'ono m'paipi ya utsi, ndipo kutentha kwa m'menemo kumatulutsa amoniya, amene amasandutsa mpweya woipa wa NOx kukhala nayitrojeni ndi nthunzi. Mpweya wa NOx umenewu ndi umene umavutitsa mapapo, makamaka a ana ndi a anthu odwala mphumu.

Madziwa akatsala pang'ono, galimoto imachenjeza kudakali nthawi. Pa magalimoto ambiri getsi limayaka kutatsala makilomita pafupifupi 2,400, kenako manambala amayamba kutsika. Akafika pa ziro, injini ikangozimitsidwa siyiliranso. Opanga anachita dala, potsatira lamulo, kuti galimoto isamayende ikulavula utsi wosasefedwa. Ngakhale musinthe batire kapena muitane anyamata a pa depoti kuti akankhe, siidzuka.

Choyamba kuchita n'chapafupi. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, pukutani fumbi pakamwa pa kathankiko, ndipo thirani AdBlue wokwanira, malita asanu kapena kuposerapo, chifukwa lita imodzi kawirikawiri sensa siyimva. Mukatero tembenuzani kiyi kuti magetsi ayake koma osaliza injini, dikirani mphindi imodzi, kenako muyende. Magalimoto ena getsilo limazima mutayendako makilomita angapo.

Ngati mwathira koma getsi likuyakabe, vuto lili pena. Suzumirani pansi pa galimoto, pamene kapaipi kakang'ono kakulumikizana ndi paipi ya utsi. Mukaona zoyera zouma ngati mchere zitaundana pamenepo, dziwani kuti AdBlue akudontha kapena kachipangizo kopopera madziwa katsekeka, ndipo nthawi zambiri madzi ofunda amazisungunula. Onaninso mawaya. Misewu yathu ya kumaesiteti, ya mabampu ndi fumbi lofiira, imagwedeza zolumikizira mpaka kumasuka, ndipo nawo makoswe a m'zigafa amatafuna mawaya a galimoto imene yaima masiku ambiri. Zikapitirira apa ndi nkhani ya pampu, sensa yoyeza kuchuluka kwa madziwo kapena sensa ya NOx, ndipo izi zimadziwika polumikiza galimoto ku kompyuta. Makaniko amene akukuuzani kuti mugule sensa asanawerenge chimene kompyuta yalemba akungoyerekeza ndi ndalama zanu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kuno ndife alimi. Munthu akamva kuti AdBlue ndi yuleya ndi madzi, maso amathamangira ku thumba la feteleza wobereketsa chimanga limene latsala kuchipinda, ndipo mjigo uli pafupi. Abale anga, musayese. Yuleya wa kumunda amakhala ndi zokutira zoti asaundane m'thumba komanso zinyalala zina zimene mbewu sizidandaula nazo, koma galimoto imadana nazo. Madzi a pa mjigo nawo ali ndi mchere wa m'nthaka umene umaunjikana m'kapopera ndi kupha chipangizo chosefa utsi. Galimoto zambiri zili ndi sensa yoyeza ngati madziwo ndi enieni, choncho getsi silizima, ndipo mwawonongeratu zipangizo zimene mtengo wake ungadye phindu la mabelo angapo. Ngakhale kuthira madzi okha pofuna kuwonjezera AdBlue wotsala pang'ono kumabweretsa vuto lomwelo.

Pogula, funani chigubu chomata cholembedwa ISO 22241, ndipo onani tsiku limene anapangidwa. AdBlue amaguga akakhala kupitirira chaka, ndipo amafulumira kuguga akamakhala pamalo otentha kuposa madigiri 30. Chigubu chimene chakhala pakhonde la sitolo chikuwombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala chisiyeni. Musathire ndi fanulo kapena botolo limene munathirirapo dizilo kapena oyilo. Ndipo ngati wothira mafuta wasokoneza n'kuika AdBlue m'thanki ya dizilo, musalize injini ngakhale pang'ono, galimotoyo ikokedwe n'kukakhuthula thankiyo.

Palinso njira ina imene amakaniko ena amaitsatsa, yozimitsiratu dongosolo lonseli mu kompyuta ya galimoto. Ndikumvetsa chimene chimakokera munthu kumeneko pamene ngongole ikumudikira ndipo AdBlue sakupezeka pafupi. Koma utsi wosasefedwawo supita kutali. Umapumidwa ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1, anyamata a kabaza amene amatsatira kumbuyo kwa vaniyo, ndi kondakitala wanu yemwe. Komanso kompyuta ikasokonezedwa ndi munthu wosaidziwa bwino, mavuto ena amabuka amene sapezekanso mosavuta.

Mwini galimoto sangathane ndi zonsezi yekha. Malo omwetsera mafuta pa boma la Kasungu ndi m'matauni a m'mbali mwa M1 azisunga AdBlue monga amasungira oyilo, kuti munthu asamayende ulendo wa ku Lilongwe chifukwa cha chigubu chimodzi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards liziyendera zimene zikugulitsidwa, chifukwa madzi amenewa n'ngosavuta kuwachita chinyengo. A TEVETA nawo aonetsetse kuti achinyamata ophunzira umakaniko akutuluka akudziwa kuwerenga kompyuta ya galimoto, poti magalimoto amene akubwera m'tsogolomu ndi otere. Ndipo inu amene mukuitanitsa vani kudzera ku Dar es Salaam, funsani musanalipire ngati ili ndi chivindikiro chabuluu. Ngati ilinacho, ikani AdBlue pa bajeti pamodzi ndi dizilo, ndipo msika usanatsegulidwe dzazani kathankiko n'kusunga chigubu china pamthunzi.