NYALE ZOTHWANIMA SI ZA GALIMOTO ILIYONSE

Anthu okhala m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, kuyambira ku Sinda kufikira ku Katete, anazolowera kuona magalimoto okhala ndi nyale zothwanima padenga kapena kutsogolo. Ena mwa magalimotowa ndi a apolisi ndi a cipatala. Koma ena ndi a anthu wamba amene anangogula nyalezo m'sitolo ndi kuzimangirira okha, kuti anzao pamseu aziwapatukira ngati akuluakulu a Boma.

Nkhani za kayendedwe ka magalimoto pamseu m'dziko la Zambia zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la caka ca 2002, lomwenso linakhazikitsa bungwe loona za citetezo ca pamseu la RTSA. Bungweli pamodzi ndi apolisi akhala akucenjeza kawirikawiri kuti nyale zothwanima ndi sairini, comwe ndi cipangizo colira mokweza cija, si za munthu aliyense. Zinapatulidwira magalimoto othamangira ngozi, monga ambulansi, galimoto yozimitsa moto ndi galimoto ya apolisi. Mwini galimoto amene wazimangirira popanda cilolezo akuswa lamulo, ndipo angathe kuimbidwa mlandu.

Ena amafunsa kuti, kodi kanyale kokha kangalakwitse ciani? Yankho lace lili pamudzi pomwe. Munthu akakuwa mfuu usiku, amuna onse amatuluka m'nyumba osayamba afunsa, popeza adziwa kuti mfuu sakuwira masewera. Koma pakakhala wina wokuwa masiku onse pocokera ku mowa, anthu amatopa naye, ndipo tsiku limene nyumba yapsadi amangotembenuka pamphasa. Nyale yothwanima ndiyo mfuu ya pamseu. Mphamvu yace ili pa kukhulupirika kwace; ikacuruka, imasanduka cokongoletsa cabe.

Amene angavutike koposa ndi odwala a kumidzi. Cipatala ca St Francis ku Katete ndi ca Nyanje ku Sinda zimalandira odwala ocokera ku zipatala zazing'ono za kutali, ndipo wodwala wa ku Vubwi akafooka kwambiri amamthamangitsira ku cipatala cacikulu ca ku Chipata. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, koma mtunda wa pakati pa mudzi ndi dokotala sunafupike ndi cilengezo cimeneco. Mai amene akutaya magazi pobereka sangadikire kuti woyendetsa lole wa kutsogolo ayambe waganiza ngati nyale ya kumbuyo kwace ndi yoona kapena yabodza.

Pa Katete pomwe vutoli limakula, cifukwa mseu wocokera ku malire a Chanida, wodzera malole a katundu a ku Mozambique, umakumana ndi Great East Road. Pamenepo pamadzaza malole, mabasi, njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi ngolo za ng'ombe. Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalambira Kalonga Gawa Undi, magalimoto amacuruka koposa. Tsiku lotere, aliyense atayatsa nyale yace kuti aoneke wolemekezeka, ambulansi ingadzere pati?

Palinso ngozi ina. Usiku nyale zotere zimathobwa m'maso, kotero kuti wopalasa njinga angagwere m'ngalande, ndipo ng'ombe zokoka ngolo zingadzidzimuke ndi kulowa pakati pa mseu. Komanso munthu woipa mtima angaimitse apaulendo podziyesa wapolisi, iwo naima poona nyale.

Nzeru imeneyi si ya Zambia yokha. Pangano la maiko lonena za pamseu, lolembedwa ku Vienna mu 1968, linasiyanitsa nyale za mitundu iwiri: yabuluu ya magalimoto oyenera kupatukiridwa, ndi yacikasu ya magalimoto ofuna kusamala nao. Nyale yacikasu imaoneka pa makina okonza miseu ndi pa magalimoto operekeza katundu wamkulu kopitirira. Iyo ingocenjeza kuti anthu acepetse liwiro. Sipatsa mwini wace ufulu wothamangitsa anzace pamseu. Cimodzimodzinso nyale zinai zophethira za pa galimoto iliyonse: nchito yace ndi kudziwitsa kuti galimoto yafa kapena kutsogolo kuli coopsa, osati kupempha njira.

Tsono udindo uli pawiri. Woyendetsa galimoto akaona ambulansi, apolisi kapena ozimitsa moto akudza ndi nyale ndi sairini, acepetse liwiro, apatukire kumanzere ndi kuima ngati pafunika kutero, ndipo asathamangire pambuyo pao pofuna kupezerapo njira. Wanjinga ndi wangolo acoke pa tala msanga, ndipo makolo aphunzitse ana zomwezo. Amene anamangirira nyale popanda cilolezo azicotse yekha apolisi asanamfunse. Mafumu, makhansala ndi aphunzitsi angathandize pochula nkhaniyi pa misonkhano yao, ndipo woona galimoto yokayikitsa alembe nambala yace ndi kukauza apolisi apafupi.

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Munthu amene lero akuseweretsa nyale pamseu wa ku Sinda, mawa ndi mwana wace amene adzakhale m'ambulansi yosowa njira.