Chikomekome cha mkuyu chili m'mbale za m'malesitilanti mwathu

Loweruka lapitali ndinakadya nkhomaliro pa lesitilanti ina m'tauni muno. Mwini wake ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa sayansi ali Fomu 3, ndipo atandiona anathamanga kudzandilandira. Nsima inali yabwino, chambo chokazinga bwino, masamba otendera ofikapo. Koma mbale imene anaikamo msuzi inandithetsa njala. Inali yapulasitiki, yokandikakandika m'kati, ndipo m'mizeremo munali mafuta achikasu omwe sopo analephera kuchotsa. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, mbale zadothi zimasweka. Izi n'zotchipa."

Yankho limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo lero ndikufuna kulitsutsa poyera. Ambiri mwa inu amene munadutsa m'manja mwathu mwatsegula malo odyera, ndipo ndimakunyadirani. Koma pa nkhani ya mbale mukudzinamiza nokha, ndipo makasitomala anu mukuwalakwira.

Vuto likuyambira pa dzina. Ife chilichonse chosweka timangoti mbale yadothi, chonsecho mbalezi n'zosiyana kwambiri. Pali zina zimene zimawotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,000 mpaka 1,150. Dothi lake limakhalabe ndi timabowo, ndipo chimene chimatchinga madzi ndi kagalasi kopyapyala kapamwamba basi. Zimenezi ndi zija zimabenthuka m'mlomo zikangogundana m'beseni, kenako msuzi n'kumalowa m'dothimo. Ndiye pali porcelain, imene imapangidwa ndi dothi loyera lotchedwa kaolin losakaniza ndi miyala yopera ya feldspar ndi quartz, n'kuwotchedwa pa madigiri 1,200 mpaka 1,400. Pa moto wotere feldspar amasungunuka n'kutseka timabowo tonse, moti mbale yonse imalimba ngati galasi mpaka m'kati ndipo simwa madzi. Luso limeneli linayambira ku China, ndipo mzinda wa Jingdezhen ndi wotchuka nalo mpaka lero. Azungu analifunafuna kwa zaka zambiri, ndipo fakitale ya Meissen ku Germany inatsegulidwa mu 1710. Tsono ukagula mbale za gulu loyambalo, zikakuthera pa miyezi itatu, usamanene kuti porcelain ndi yosalimba. Sunagule porcelain.

Nanga pulasitiki yanuyo? Mbale zambiri zolimba, zamaluwamaluwa zimene zadzaza m'misika ndi za melamine. Akatswiri oona za chakudya ku Germany ndi ku America amachenjeza kuti mbale zotere zikatentha kupitirira madigiri 70, makamaka ndi chakudya chowawasa, mankhwala ake amayamba kulowa m'chakudya. Taganizani msuzi wa tomato wochoka pamoto, kapena nsima yongoomoledwa kumene. Mu microwave ndiye siziyenera kulowamo n'komwe, koma ndaona ndi maso anga ndiwo zikutenthetsedwa momwemo. Komanso mbale yokandika siyera. Dziko lino linataya anthu oposa 1,700 ndi kolera mu 2022 ndi 2023, ndiye munthu wogulitsa chakudya asamatenge ukhondo wa ziwiya ngati nkhani yaing'ono.

Ndikudziwa chimene munene: mpamba ndi wochepa, lendi yakwera, makala adula, ndipo ana antchito amaswa zinthu. Zoona zimenezo, sindikukana. Koma masamu ake ndi a Fomu 1. Tiyerekeze kuti mbale yabwino ikudula katatu kuposa yotchipa. Yotchipayo ukamaigula kawiri pa chaka, pofika chaka chachiwiri wawononga kale ndalama zoposa za yabwino ija, pamene yabwinoyo ikadali patebulo. Onjezanipo kasitomala amene anaona mafuta m'mbale, sanadandaule, analipira n'kutuluka, ndipo sadzabweranso. Ameneyo simumulemba m'kope la ndalama zotayika, koma ndi amene amagwetsa bizinesi. Ngati ndalama sizikukwana, gulani pang'onopang'ono. Yambani ndi mabakuli ndi mbale za ndiwo zotentha. Ngakhale mbale za chitsulo chosachita dzimbiri n'zabwino kuposa pulasitiki yokandika.

Mukapita kukagula, musatengeke ndi maluwa ndi mizere yagolide. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zokongoletsa zopakidwa pamwamba pa galasi zimafufutika ndi kutsuka, ndipo utoto wina wotchipa umakhala ndi mtovu. Igogodeni mbale ndi chala: porcelain yabwino imalira ngati belu, pamene yosapsa bwino kapena ya mng'alu imangoti phu. Itembenuzeni, ndipo pamkombero wapansi pamene palibe galasi dontheza madzi. Akalowa n'kusiya banga, isiyeni pomwepo. Onani mlomo wake, chifukwa mbale imayamba kufa m'mlomo. Sankhani ya mlomo wochindikala ndi wozungulira. Sanjikizani zisanu kapena zisanu ndi imodzi muone ngati zikukhazikika popanda kugwedera, poti m'khitchini mbale zambiri zimasweka posanjika ndi potsuka, osati patebulo. Mukaona timing'alu tating'onoting'ono ngati ukonde wa kangaude pagalasi lake, musagule. Ndipo gulani zoyera, za mtundu umodzi, kuti imodzi ikasweka mupeze inzake mosavuta. Musaiwalenso kuti ku Dedza kuno kwathu amaumba mbale za stoneware, zomwenso zimawotchedwa pa moto waukulu ndipo n'zolimba.

Aphunzitsi anzanga, nafenso tili ndi mlandu. Timaphunzitsa za kutentha ndi za mitundu ya zinthu kuti ana akhoze MSCE, koma sitiwaonetsa kuti sayansi yomweyo ili m'khitchini mwawo. Mwana akumaliza sukulu akudziwa kuwerenga madigiri, koma osadziwa kusiyanitsa mbale yopsa ndi yosapsa. Tengani mbale ziwiri mupite nazo m'kalasi, mugogode, mudontheze madzi. Ndi phunziro la mphindi khumi zokha.

Mnyamata wanga uja ndinamuuza zonsezi, ndipo anaseka n'kunena kuti sindinasinthe. Ndamulonjeza kuti ndibweranso kumapeto kwa mwezi ndikalandira malipiro. Ndikakapeza msuzi uli m'mbale yomwe ija, ndikalipira, koma chambocho akandikulungire m'pepala ndizikadyera kunyumba.