Kutsika mapiri kukaona mzikiti wa Jumbe

Ife a ku Dowa ndi Ntchisi tikamva za Nkhotakota timangoganiza za mpunga wa Faya ndi chambo. Komatu kunyanja komweko, ku Linga, kuli zotsalira za mzikiti wa m'nthawi ya a Jumbe, ndipo mbiri yake ikutikhudza ife a kumapiri kuposa momwe ambiri timaganizira.

Ulendo wake si wovuta. Mukachoka pa boma la Ntchisi mudzera ku Malomo, n'kulowa msewu wa Kasungu–Nkhotakota womwe umadutsa m'nkhalango ya nyama. Mukachita mwayi muona njovu, koma chonde musatsike galimoto chifukwa cha selfie.

Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika kumeneko cha m'ma 1840. Ndi iye ndi anthu ake omwe adabweretsa Chisilamu m'derali. Koma ntchito yomwe idamulemeretsa inali ya minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda ankawasonkhanitsa pagombe, kuwawolotsa nyanja pa zombo zamatanga, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Kumtunda kumeneku n'kuti? N'kwathu konkuno. M'zaka zosokonekera zomwezo, Achewa ankabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi pothawa nkhondo za Angoni. Ndiye ukaima pa makoma akalewo, sungalephere kudzifunsa ngati wina wa mtundu wako adadutsa pomwepo atamangidwa goli.

Apa ndi pomwe ena amalakwitsa. Amafika ndi mkwiyo, n'kumayang'ana Asilamu a lero ngati ndiwo adagulitsa anthu. Ayi ndithu. Ambiri mwa iwo ndi Achewa anzathu, ndipo kwa iwo malowa ndi chiyambi cha chipembedzo chawo. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo ine ndimaona kuti wolondolera alendo amene amangonena mbali imodzi akukubera ndalama yako.

Za ulemu, musachite kuuzidwa kawiri. Perekani moni kwa akuluakulu, funsani chilolezo musanajambule, makamaka pa manda a a Jumbe. Atsikana tengani chitenje ndi mpango wa kumutu. Anyamata, kabudula musiyeni m'chikwama. Mukaitanidwa kulowa mu mzikiti womwe anthu amaswaliramo lero, nsapato zitsale pakhomo, foni ikhale chete. Lachisanu masana ndi nthawi ya swala yaikulu, si nthawi ya TikTok.

Musabwerere musanaone mkuyu womwe umakumbutsa za kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe mu 1863. Adamupempha kuti asiye malonda a akapolo, koma sizidaphule kanthu. Mu 1889 Harry Johnston adasainirana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo patangopita zaka zochepa Angerezi adachotsa Jumbe womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar.

Malowa adalowa pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO mu 2011, pamodzi ndi njira zina za akapolo m'Malawi. Nyamukani m'mawa, chifukwa kunyanja kumatentha kwambiri kwa munthu wozolowera mphepo ya ku Ntchisi.