Chipale choyamba cha dzinja ndi ngozi imene imabisala m'mapiri a abale athu

Pamene ife a m'mbali mwa nyanja tikuyang'ana kumwamba kudikira mvula yodzalira, abale athu achisilamu okhala m'mapiri a Afghanistan, Pakistan, Iran ndi Turkey amakhala akulandira chipale choyamba cha nyengo yozizira. Nkhani za anthu okwiririka ndi chipale timazimva kawirikawiri mu Januwale ndi Febuluwale, koma akatswiri a za mapiri amanena kuti msampha wake nthawi zambiri umatchedwa kale mu Novembala ndi Disembala. Tafuna tifotokoze m'mene zimachitikira, chifukwa muli phunziro lotikhudza ngakhale kuno chipale sichigwa.

Chipale chimagwa ngati ufa woyera ndipo chimaunjikana m'magawo, mkuntho uliwonse n'kusiya gawo lake. Choyambacho chikagwa chochepa kenako kunja n'kuyera kwa masabata angapo, nthaka imakhala yofundirapo pamene mpweya wa usiku uli wozizira kwambiri. Kusiyana kumeneku kumasintha chipale chapansicho kukhala timibulu tosagwirana, tonga shuga. Mkuntho waukulu ukabwera pambuyo pake, mphepo imapanikiza chipale chatsopano n'kukhala chibulumwa cholemera chogona pa timibulu tija. Pamwamba pamaoneka bwinobwino, koma pansi pake pali pofooka, ndipo pangakhale choncho kwa miyezi. Munthu mmodzi kapena chipale china chowonjezera chimakwanira kuti mbali yonse ya phiri isweke n'kutsetsereka. Kugumuka kumeneku, kumene pa Chingerezi amati avalanche, kumachitika kwambiri pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45.

Nthawi yopulumutsa munthu ndi yochepa. Kafukufuku wa ku mapiri a Alps anasonyeza kuti mwa anthu 10 ofukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, pafupifupi 9 amapezeka amoyo, koma pakadutsa mphindi 35 ambiri amakhala atafa chifukwa chosowa mpweya. Choncho wopulumutsa weniweni ndi mnzake amene ali pomwepo. Thandizo lochokera ku tawuni nthawi zambiri limafika kudzanyamula maliro.

Lachisanu pa 25 Disembala 2020, dzinja litangoyamba kumene, anthu 12 okwera mapiri anafa m'mapiri a Alborz kumpoto kwa mzinda wa Tehran chifukwa cha mkuntho ndi kugumuka kwa chipale. Iwo anapita kokasangalala tsiku lopuma. Ena ambiri amafa ali pa ulendo wofunikira kapena ali m'nyumba zawo. Mu Febuluwale 2010, pa msewu wa Salang umene umalumikiza Kabul ndi kumpoto kwa Afghanistan, chipale chinakwirira magalimoto ndipo anthu oposa 160 anataya miyoyo. Mu Januwale 2020 midzi ya m'chigwa cha Neelum, ku Kashmir ya mbali ya Pakistan, inataya anthu oposa 60.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya ku Van, kum'mawa kwa Turkey. Pa 4 Febuluwale 2020 chipale chinakwirira minibasi pa msewu wopita ku Bahçesaray. M'mawa mwake anthu mazanamazana, asilikali, ozimitsa moto ndi anthu a m'midzi, anasonkhana kufunafuna otsala, ndipo phiri lomwelo linagumukanso pa iwo. Onse pamodzi anafa anthu oposa 40, ambiri mwa iwo opulumutsa anzawo. Allah awakhululukire ndi kuwachitira chifundo. Niya yawo inali yabwino, koma phiri limene lagumuka kamodzi limakhala likadali ndi katundu wina pamwamba.

Tikayang'ana bwino, kusiyana kwa mayiko kuli pa chenjezo. Ku Switzerland kuli bungwe la SLF ku Davos limene limayeza chipale n'kulengeza tsiku ndi tsiku kukula kwa ngozi pa mulingo wa 1 mpaka 5, ndipo anthu olowa m'mapiri akutali amanyamula fosholo, ndodo yofufuzira ndi kachipangizo kosonyeza pamene munthu wakwiririka. Mlimi wa ku Badakhshan kapena ku Nuristan nthawi zambiri alibe zimenezi. Amayenda chifukwa mwana wadwala kapena ufa watha m'nyumba. Komabe chenjezo palokha silikwanira: ku Ulaya komweko ngozi zambiri zakupha zimachitika pa mulingo wa 3, pamene anthu amaganiza kuti zinthu sizinafike poipa, ndipo ambiri amagumula okha chipale chimene chimawakwirira.

Apa ndi pamene chiphunzitso chathu chimalowa. Alipo ena pakati pathu amene akamva chenjezo amangoti zonse ndi qadar, n'kupitiriza ulendo. N'zoona kuti palibe chimene chimachitika popanda chifuniro cha Allah, koma Chisilamu sichinatiphunzitse kutaya nzeru. Tikudziwa za munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) za ngamira yake, ndipo anauzidwa kuti aimangirire kaye kenako ayedzamire mwa Allah. Tikudziwanso kuti Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye), ali pa ulendo wa ku Sham, anamva kuti kwagwa mliri, anafunsa maganizo a maswahaba, n'kubwerera ndi anthu ake. Kubwerera sikunachepetse chikhulupiriro chake. Moyo ndi amana imene tidzafunsidwa.

Ifeyo phiri logumuka tinaliona. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, komanso ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo dziko lathu linaika m'manda anthu oposa 600. Pa nyanja pathu pano, nthambi yoona za nyengo imachenjeza za mphepo ya mwera, koma bwato limatulukabe chifukwa usipa ukugwidwa ndipo pakhomo pakufunika ndalama. Msodzi wa ku Makanjira ndi woyenda pa Salang amakumana ndi funso limodzi: kodi lero ndi tsiku lobwerera?

Tikupempha masheikh athu kuti chenjezo la nyengo lizilengezedwa m'mizikiti pambuyo pa swala ya Jumu'ah, monga momwe timalengezera maliro ndi nikah. Makolo amene ana awo akuphunzira kapena kugwira ntchito kumayiko ozizira awauze kuti asalowe m'mapiri a chipale popanda wodziwa malowo, makamaka masiku otsatira mkuntho. Ndipo dzinja likamayamba kumeneko, tisaiwale abale athu a m'mapiri m'maduwa athu, ndi swadaka yathu ngati tapeza njira yodalirika yoifikitsira.